Kuchipatala anandifunsa za anthu, osati za mutu

Kwa zaka zambiri dzina langa pakati pa abale linali "wovuta uja". Kukagwa maliro kapena kukakhala chinkhoswe, anthu ankayamba afunsana kaye ngati ndikubwera, kuti adziwiretu pondikhazika ndi amene akhale pafupi nane. Sindinkamwa mowa, sindinkamenya munthu, sindinayendepo mumsewu ndikuyankhula ndekha. Ntchito yanga ya utelala ndinkaigwira bwino, moti mayunifolomu a kwaya ndi madiresi a operekeza akwati sankatha pa mashini anga. Chimene chinkandikanika ndi kukhalitsa ndi munthu. Mnzanga wa pamtima wa chaka chino, chaka chamawa tinkadutsana pamsika osapatsana moni.

Ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa kuti m'mabanja ambiri muli munthu wotere. Anamupempherera kale, anamuitanira kale ankhoswe, anamukalipira mpaka kutopa, koma palibe amene anaganizapo kuti mwina akudwala. Ifetu tikamva za matenda a maganizo timaganiza za munthu wovula zovala kapena womva mawu a anthu osaoneka. Koma alipo matenda ena amene munthu akakhala yekha simungawaone. Amatuluka akakhala ndi anzake.

Mayi anga anamwalira mu 2001 ndili Sitandade 2, bambo atatsogola kale. Inali nthawi ija maliro ankangotsatizana, ma ARV aulere asanafike m'zipatala za boma, paja anadzayamba mu 2004. Ana tinagawidwa tsiku losesa. Ine ananditenga agogo ku Ntcheu. Agogo atafooka ndinapita kwa azakhali ku Ndirande, ndipo azakhali atakwatiwanso ndinatumizidwa kwa amalume ku Lilongwe. Ndinene pano kuti palibe amene anandizunza. Ndinkadya, ndinkavala, fizi anandilipirira mpaka Fomu 4, pamene iwonso zinthu zinkawavuta. Koma kusamuka kulikonse ndinkakumva usiku woti mawa ndi ulendo. "Ika tizovala tako m'jumbo, mawa ukupita kwa amalume ako." Ndikayamba kulira, yankho linali limodzi paliponse: "Ukulira chiyani? Wamenyedwa? Anzako akugona ndi njala, iwe uli ndi mwayi." Ankanena zoona, mwayi ndinali nawo. Komabe mwana amene amauzidwa kuti palibe chomuliritsa pamene mtima ukumuwawa amakula asakudziwa ngati zimene akumva n'zenizeni, ndipo amazolowera kuti sangamveke pokhapokha atakuwa.

Ndinazoloweranso kuwerenga nkhope. Ndikalowa m'nyumba ndinkayamba ndaona kaye nkhope ya mwininyumba, kuti ndidziwe ngati ndikadali wofunika pakhomopo. Ndinakula nazo zimenezi, ndipo ndi zimene zinadzandithera maubale ambiri, chifukwa ndinkaona kukanidwa ngakhale pamene palibe amene wandikana.

Za kukwaya ndi zimene sindiziiwala. Ndinaimba alto kwa nthawi yaitali pa mpingo wathu, ndipo amayi ena achikulire amene ankatsogolera kwayayo ndinkawatcha mayi anga. Ndinkawasokera zovala ulere, ndinkawaperekeza kuchigayo, ndinkauza aliyense kuti munthu wabwino chotere sindinamuonepo. Loweruka lina pa pulakatisi anadutsa pamene ndinakhala, n'kupatsa moni mnzanga wapambali, ine osandiyang'ana. Basi. Pofika kunyumba mlandu wonse unali utaweruzidwa kale m'mutu mwanga: atopa nane, akhala akundijeda, chikondi chonse chija chinali chofuna zovala zaulere. Usiku womwewo ndinatuluka m'gulu la WhatsApp la kwaya, nambala yawo ndinaibuloka, yunifolomu ndinatuma mwana akabweze. Patapita miyezi ndi pamene ndinamva kuti tsiku limenelo anali atangolandira uthenga woti mwana wawo wagonekedwa m'chipatala. Sanandione n'komwe.

Ndi amuna anga zinali zoposa apa. Amayendetsa thiraki ya ku Beira, ndipo akangowoloka pa Mwanza kulowa Zobue foni yawo imakhala chete mpaka atapeza intaneti ku Tete kapena kutsogolo. Zimenezi ndinkazidziwa bwino, koma thupi silinkamva. Uthenga ukangokhala ndi katiki kamodzi, m'mimba munkatentha, manja kunjenjemera, mashini osapondeka. Ndinkalemba kuti, "Mwafika pati bambo?" Kenako, "Bwanji simukuyankha?" Kenako, "Ndadziwa, muli ndi wina." Kenako mawu amene sindingawabwereze pano. Kenako, "Pepani, ndikhululukireni, musandisiye." Iwo pomatsegula foni, atatopa ndi msewu, ankapeza zonsezi zili ndandanda, chikondi, chipongwe, kutsanzika ndi kupepesa, zonse za masana amodzi. Ankhoswe anatikhazikapo pansi kangapo. Ankaweruza bwino ndithu, ine n'kuvomera ndi mtima wonse misozi ili chuchuchu, ulendo wotsatira zomwezo.

Chimene anthu sankachiona ndi chimene chinkachitika ndikatsala ndekha mkangano utatha. Manyazi ankandigwira mpaka kudzida. Ndinkamva kuti m'kati mwanga mulibe munthu, kuti ndikakhala ndi a kwaya ndine wa kwaya, ndikakhala ndi amuna anga ndine wawo, koma pandekha sindine aliyense. Nthawi zina ndinkadzivulaza kuti ululu wa mumtima utsikeko. Abale ena ankati ndikungoopseza anthu kuti andimvere chisoni. Ena ankati ndi mizimu, ena ankati ndinalodzedwa ndi amene analanda katundu wa malemu bambo.

Ulendo woyamba ndinapita kuchipatala chifukwa chosowa tulo. Pa chipatala chaching'ono cha kwathu anandimvetsera, n'kunena kuti ndi matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, n'kundipatsa mapiritsi otchedwa amitriptyline. Anathandiza ndithu. Tulo tinabwera, kulira kwa m'mawa kunachepa. Koma katiki kamodzi kaja kankandichitabe chimodzimodzi.

Zinthu zinasintha mu 2022, pambuyo pa usiku wina woipa umene unandifikitsa ku chipatala chachikulu. Atandithandiza za m'thupi ananditumiza ku kiliniki ya matenda a maganizo. Poyamba ndinakana. Ndinkaopa kuti mapeto ake ndi kugonekedwa ku Zomba, ndipo mukudziwa mmene timatonzerana ndi dzina limeneli. Azakhali a ku Ndirande aja ndi amene anandigwira dzanja. "Mwanangu, tiye tikangomva. Akakati ugone, ine ndiyala chitenje pomwepo."

Adokotala amene ndinawapeza anayamba ndi mafunso amene ndinkawayembekeza. Kodi mumamva mawu amene ena sakuwamva? Ayi. Kodi inakhalapo nthawi imene munatha masiku angapo osagona koma muli ndi mphamvu zambiri, mukuyankhula osalekeza, mukumwaza ndalama? Ayi. Nanga mtima ukasintha, umakhala choncho nthawi yaitali bwanji? Ndinati maola ochepa, nthawi zina osakwana n'komwe ola. "Chimayambitsa n'chiyani?" Ndinakhala kaye chete, ndipo ndi pamene ndinaona kuti yankho ndi lomwelo nthawi zonse. Munthu. Wina sanayankhe, wina wachedwa, wina wayang'ana kumbali.

Apo anatenga pepala, n'kuika kadontho pakati, n'kujambula mabwalo atatu ozungulira kadonthoko, lina kunja kwa linzake. "Mayi, kadonthoka ndi inu. Mulembe anthu a m'moyo wanu, a pamtima m'kati, otalikira kunja. Mulembenso amene analipo kale koma pano kulibe, amenewo muwadule ndi mzere." Ndinalemba kwa kanthawi ndithu. Nditamaliza, m'bwalo la m'kati munali mayina ambiri, koma pafupifupi onse odulidwa. Bwalo lapakati linali lopanda kanthu. Ndiye kuti kwa ine munthu ankakhala pamtima penipeni, apo ayi kunja kwenikweni. Ndinalibe mnzanga wamba woti timangocheza n'kusiyana bwinobwino. Adokotala ankaloza dzina limodzilimodzi. "Awa munadziwana bwanji? Zinatha bwanji? Inu munkati iwo akuganiza chiyani? Munawafunsa?" Anthu anali osiyana, malo osiyana, Ntcheu, Ndirande, Lilongwe, koma kayendedwe ka nkhani kanali kamodzi: kukonda msanga ndi mopitirira, kuopa kusiyidwa, kachinthu kakang'ono, kupsa mtima, n'kudula ubale ndisanadulidwe ineyo.

Dzina la matenda sanandipatse tsiku lomwelo. Anandiona maulendo angapo, anacheza ndi azakhali, anachezanso ndi amuna anga atabwera ku ulendo, ine nditavomera. Kenako ndi pamene anandiuza kuti zimene ndili nazo madokotala amazitcha borderline personality disorder. Anati ndi vuto lokhazikika la mmene munthu amadzionera yekha ndi mmene amakhalira ndi ena, limene limayamba kuoneka munthu akamasinkhuka ndipo limamutsata kulikonse kumene wapita. Kukhumudwa kuja kunalipodi, koma kunali pamwamba chabe.

Ndinawafunsa chifukwa chimene anathera nthawi yonseyi pa anthu ena, pamene wodwala ndine. Anati matenda ambiri a maganizo amadziwika bwino poona pamene munthu wakumana ndi mnzake. Ine monga telala ndinamva msanga. Ukafuna kudziwa ngati chovala chasokedwa bwino suyang'ana pakati pa nsalu, umachitembenuza n'kuona mumsoko, pamene nsalu ziwiri zakumana. Anandipatsa zitsanzo. Munthu wa matenda a kukhumudwa amadzipatula, amasiya kupita kumaliro ndi kutchalitchi, koma abale amakumbukira mmene analili kale, ndipo akachira amabwerera kwa anzake omwe aja. Wa bipolar amasintha kwa masiku kapena masabata, nthawi zambiri popanda womuputa, ndipo nyengoyo ikadutsa ambiri amakhala bwino ndi anthu. Wa schizophrenia akhoza kukhulupirira kuti aneba akumuthirira mankhwala m'chakudya, ndipo ngakhale mutamuonetsa umboni sasintha maganizo. Ine kukayikira kwanga kunkasungunuka munthuyo akangondimwetulira. Tonsefe tikhoza kufika kuchipatala ndi dandaulo limodzi, "sindikugona, ndikuganiza kwambiri", koma thandizo lathu n'losiyana, ndipo mafunso a tulo ndi chakudya okha sangatisiyanitse.

Nditabwerera kunyumba ndinayamba kuwerenga pafoni, ndipo ndinapeza kuti umu ndi mmene ntchitoyi ikuyendera tsopano padziko lonse. Bungwe la WHO lili ndi buku la mayina a matenda, ndipo latsopano lake, ICD-11, linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022. Lakale lija linkagawa matenda a mtundu umenewu m'magulu ambiri, ndipo odwala ambiri ankapezeka kuti akukwana m'magulu awiri kapena atatu nthawi imodzi. Latsopanoli limayamba ndi kufunsa mmene munthu akudzionera yekha, ndi mmene akuthera kumanga ndi kusunga ubale wokomera mbali zonse ziwiri, kumvetsa maganizo a mnzake ndi kuthetsa mkangano. Vutolo liyenera kukhala litatenga zaka 2 kapena kuposa, ndipo dokotala amayeza ngati ndi lochepa, lapakati kapena lalikulu. Akatero ndi pamene amafotokoza maonekedwe ake, kuphatikizapo a borderline ngati alipo. Buku la madokotala a ku America, DSM-5, la mu 2013, nalonso lili ndi gawo limene limayeza zinthu 4: kudzidziwa, kutha kutsata zolinga za moyo wako, kumva mmene mnzako akumvera, ndi kutha kuyandikana ndi munthu. Ziwiri mwa zinayizo n'za ubale.

Maganizowa si a dzulo. Harry Stack Sullivan, dokotala wa ku America amene anamwalira mu 1949, ankaphunzitsa kuti sungamudziwe munthu utamupatula kwa anthu amene amakhala nawo. John Bowlby wa ku Britain anafufuza zimene zimachitikira ana olekanitsidwa ndi owalera. Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti Mary Ainsworth, amene ankagwira ntchito ndi Bowlby, anadzachita kafukufuku wake wa amayi ndi makanda kuno ku Africa, m'midzi yozungulira Kampala ku Uganda, mu 1954 ndi 1955. Ankalowa m'nyumba za anthu n'kumaona zimene khanda limachita mayi akatuluka ndiponso akabwerera. Anaona kuti mwana amene wakhulupirira kuti mayi ake alipo ndi amene amalimba mtima kukwawa n'kupita pataliko kukasewera. Nditawerenga zimenezi tsiku limenelo sindinasoke. Ndinkangoganiza za kamtsikana kaja ka tizovala ta m'jumbo.

Sindikunena kuti mwana aliyense wamasiye amadwala chotere. Achimwene anga anadutsa m'zomwezo ndipo ali bwinobwino ndi banja lawo. Marsha Linehan, katswiri wa ku Seattle amene anayambitsa chithandizo chotchedwa DBT, chophunzitsa wodwala njira zougwira mtima ndi zokhalira ndi anthu, amafotokoza kuti pamakumana zinthu ziwiri: mwana wobadwa ndi mtima womva zinthu msanga ndi mwamphamvu, ndi pakhomo pamene zomva zakezo zimakanidwa. Mayi ameneyu mu 2011 anaulula poyera kuti iyenso, ali ndi zaka 17, anagonekedwa nthawi yaitali m'chipatala cha matenda a maganizo chifukwa cha kudzivulaza ndi mavuto ofanana ndi amenewa. Kudziwa zimenezi kunandichotsera manyazi ambiri.

Komanso si onse amene vuto lawo limaoneka ngati langa. Ena amathawa anthu poopa kunyozedwa, pamene mumtima akufunitsitsa anzawo. Ena amakayikira aliyense. Ena amadyera anzawo masuku pamutu osamva chisoni. Ena amafuna chilichonse chichitike m'njira yawo yokha mpaka a m'nyumba kusowa popumira. Oyamba kuona zimenezi amakhala mkazi, mwamuna, ana, anzawo a kuntchito, ndipo amangoti ndi mmene alili.

Za mankhwala adokotala sanandinamize. Anati palibe piritsi lochiza vuto limeneli. Mapiritsi amathandiza zina zobwera nalo, monga kukhumudwa kwakukulu. Malangizo amene bungwe la NICE linapereka kwa madokotala a ku England mu 2009 amanenanso zomwezo. Thandizo lenileni ndi kucheza ndi mlangizi wophunzira za maganizo, mobwerezabwereza, kwa nthawi yaitali. DBT yathunthu, ya magulu ndi zonse, ine sindinaipeze. Mlangizi wanga ankatenga zina mwa njira zake n'kumandiphunzitsa.

Chimene sindinkayembekeza n'chakuti matendawo analowa nafe m'chipinda momwemo. Posakhalitsa mlangizi wanga, mayi wodekha kwambiri, anasanduka munthu wabwino koposa onse. Ndinawasokera diresi. Anathokoza koma anakana kulandira, ndipo mtima unandipweteka. Kenako ndinafika pa tsiku langa n'kumva kuti apita ku maphunziro, uthenga sunandipeze. Ndinang'amba kakhadi ka masiku pakhomo pomwepo, n'kulumbira kuti sindidzapondakonso. Atabwera anandiimbira. Sanandikalipire, ndipo sanandinyengererenso. Anati, "Achemwali, pepani kuti uthenga sunafike. Koma zimene zachitikazi ndi zomwe zija za papepala. Pano pokha ine ndikadalipo. Bwerani Lachinayi tidzazione bwinobwino." Ndinapita. Tinaziyala pang'onopang'ono: ndinamva chiyani m'thupi, ndinaganiza chiyani, umboni unali wotani, zifukwa zina zikanakhala ziti. Ndinali ndisanakwiyirepo munthu kotheratu kenako n'kumupeza ali pomwepo, ubale osatha. Ndimakhulupirira kuti kuchira kwanga kunayambira pa Lachinayi limenelo, kuposa pa uphungu wina uliwonse umene anandipatsa.

Zimene ndinaphunzira n'zosavuta kuzinena. Mtima ukatentha sindigwira foni. Ndimaitsekera m'kabati ya ulusi, ndimasamba kumaso ndi madzi ozizira, ndimayenda mpaka thupi litatsika. Ndimalemba m'kope zifukwa zina zimene munthuyo angakhale sanayankhire. Ndinaphunzira kufunsa m'malo moweruza: "Mayi, dzulo simunandipatse moni, kodi ndinakulakwirani?" Kwa ena limeneli ndi funso wamba, ine linkandiuma pakamwa. Ndinaphunziranso kupempha chinthu kamodzi, momveka, n'kulola kuti yankho likhoza kukhala ayi. Ndipo mlangizi anandipatsa ntchito yodzaza bwalo lapakati lija ndi anthu oti ndizicheza nawo pang'ono, osawasenzetsa moyo wanga wonse. N'chifukwa chake ndinalowa banki m'khonde ya amayi a m'dera lathu. Kumeneko timakangana za chiwongoladzanja ndi zindapusa za ochedwa, sabata yotsatira n'kukumananso pa mkeka womwewo, ndipo palibe amene watha ubale ndi mnzake.

Kwa amayi a kwaya aja ndinapita ndekha kukawafotokozera. Anandilandira, analira nane, koma sitinabwerere pamene tinali, ndipo mlangizi anandithandiza kuona kuti zimenezo si tsoka. Panopa ali m'bwalo lapakati. Timapatsana moni, timafunsana za ana. Kupemphera sindinasiye, ndipo palibe wachipatala amene anandiuzapo kuti ndisiye.

Amuna anga nawonso anaphunzira. Asanawoloke pa Mwanza amaimba. "Mayi, ndikulowa. Tiyankhulana ndikafika ku Tete, mwina mawa m'mawa." Akapeza mauthenga oipa sayankha limodzilimodzi. Amalemba kuti, "Ndaona kuti munachita mantha. Ndili bwino, ndilipo. Zachipongwezo tikambirana ndikabwera." Ndipo akabwera timakambiranadi, sazisiya. Kuvomereza kuti mantha anga ndi enieni ndi kukana chipongwe, ziwirizi zimayendera limodzi. Abale ambiri amagwira chimodzi chokha. Ena amangolekerera chilichonse poopa kuti munthuyo adzivulaza, ena amangodzudzula. Ndinakhalapo ndi onse awiri, ndipo palibe amene anandithandiza.

Anthu amandifunsa ngati munthu amachira. Gulu la Mary Zanarini pa chipatala cha McLean ku America linatsatira odwala 290 kwa zaka zambiri. Pofika zaka 10, anthu 93 pa 100 alionse anali atakhalapo zaka 2 zizindikiro zitatsika moti sakanatchedwanso odwala matendawa. Koma amene anafika pokhala ndi zonse, zizindikiro kutsika komanso ubale wabwino ndi ntchito kapena sukulu yokhazikika, anali theka lokha. Ziwerengerozi ndimazikhulupirira chifukwa ndi zimene ndikuziona pa ine. Kudzivulaza ndinasiya, kupsa mtima kunachepa, koma kukhulupirira munthu kukubwera mochedwa kwambiri. N'chifukwa chake zimandiwawa ndikamva kuti wodwala wangofunsidwa kuti "mukugona? mukudya?" n'kulemberedwa mapiritsi a mwezi wina. Azifunsidwanso kuti akukhala bwanji ndi a kunyumba, ndiponso ndani amene amamuuza zakukhosi.

Izitu si za matenda anga okha. Pali chithandizo cha matenda a kukhumudwa chotchedwa IPT, chimene Gerald Klerman ndi Myrna Weissman anayambitsa ku America m'zaka za m'ma 1970. Chimayang'ana pa imfa ya wokondedwa, mkangano ndi munthu wapafupi, kusintha kwa moyo monga kutha kwa banja kapena ntchito, ndi kusungulumwa. Chinayesedwa m'magulu m'midzi ya ku Masaka ndi Rakai ku Uganda, otsogolera ake anthu wamba a komweko ophunzitsidwa, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2003 zinaonetsa kuti kukhumudwa kunatsika kwambiri popanda mapiritsi. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa kiliniki n'kumamvetsera anthu ovutika maganizo. Ifenso kuno anthu omvetsera tili nawo, m'mipingo, m'mizikiti, m'mabanja. Chimene ndikuona kuti chikusowa ndi kuwaphunzitsa kumva osathamangira kuweruza.

Chenjezo limodzi ndilinena mwamphamvu. Musatenge nkhaniyi n'kukaloza nayo akazi anu, apongozi kapena mwana wanu kuti "ndiwe borderline". Kukangana si matenda. Mayi amene akumenyedwa kapena kunamizidwa, akamakayikira ndi kulira, sakudwala, akuona zoona. Wachinyamata amene akulimbana ndi makolo ake sadwala chifukwa cha chimenecho chokha. Munthu amene zamuvuta ndi bwana mmodzi koma kwina konse ali bwino, mwina vuto lili kwa bwanayo. Madokotala amafuna chinthu chimene chabwerezeka kwa zaka, kwa anthu osiyanasiyana, m'malo osiyanasiyana, chimene chikuzunza mwiniwake kapena kumuwonongera moyo wake ndi anthu, ndiponso chimene sichingafotokozedwe ndi chikhalidwe cha kwawo. Woyenera kunena ndi wophunzira ntchitoyo, atamuona munthuyo kangapo.

Ngati mwadziona m'nkhaniyi, yambirani pa chipatala chachikulu cha m'boma lanu, mufunse nesi kapena dokotala wa matenda a maganizo. Ku Blantyre kuli kiliniki pa Queen Elizabeth Central Hospital, ku Zomba Mental Hospital amaonanso anthu oyendera osagonekedwa, ndipo a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Tengani buku lanu la kuchipatala, ndipo ngati n'kotheka mupite ndi munthu amene wakudziwani kuyambira kale, chifukwa iye amakumbukira zimene inu mwaiwala kapena mukuchita nazo manyazi. Musakangonena za tulo ndi mutu. Mukanene za anzanu amene munasiyana nawo, mmene zinayambira ndi mmene zinathera, ndi zimene mumachita mukaona ngati munthu akukusiyani. Mukhoza kujambuliratu mabwalo atatu aja kunyumba n'kupita nalo pepalalo. Koma ngati maganizo ofuna kudzivulaza kapena kudzipha akukubwererani panopa, musadikire tsiku la kiliniki. Uzani munthu amene muli naye pafupi lero lomwe, akuperekezeni ku chipatala chilichonse chimene chili chotsegula.